Pa nkhani ya Mayi Esther Ocloo tisaiwale wogula

A Mkonzi,

Ndine telala. Ndakhala pa makina osokera zaka zoposa 30, ndipo maso anga tsopano salowetsanso ulusi pa singano popanda magalasi. Sindinalembepo kalata ku nyuzipepala, koma nkhani zimene mwakhala mukusindikiza za amayi a mabizinesi ang'onoang'ono zandikakamiza kugwira cholembera. Pafupifupi zonse zimathera pamodzimodzi: amayi alandira ngongole, ajambulidwa akumwetulira, wamkulu wina wayankhula. Ine ndinakhalapo pa chithunzi ngati chimenecho. Ndikufuna ndifotokoze zimene zimachitika wojambula akachoka, ndipo ndidzera pa moyo wa mayi wina wa ku Ghana amene ndimawalemekeza ngati mayi ondibala ngakhale sitinaonanepo, Mayi Esther Afua Ocloo.

Mbiri yawo anandiwerengera ndi mwana wanga wamkazi madzulo ena ataipeza pa intaneti, ine ndikupinda mipendero ya masiketi. Atafika chapakati ndinaika nsalu pansi n'kumuuza kuti ayambirenso, chifukwa ndinamva chinthu chimene ambiri ofotokoza nkhaniyi amachidumpha.

Mayi Ocloo anabadwa pa 18 April 1919 ku Peki, m'dziko limene nthawiyo linkatchedwa Gold Coast. Dzina la kwawo linali Nkulenu. Bambo awo anali osula zitsulo, mayi awo ankaumba mbiya ndi kulima, banja lodya thukuta la manja awo. Mwanayo anali wanzeru m'kalasi, choncho anapeza thandizo lokaphunzira ku Achimota, sukulu yotchuka ya ku Accra, ndipo anakhalako kuyambira 1936 mpaka 1941. Munthu wotuluka ku Achimota masiku amenewo ankayembekezeka kukhala mphunzitsi kapena kalaliki, wovala zoyera tsiku lonse. Iwo anatenga masheleni 10 amene azakhali awo anawapatsa, n'kugula malalanje, shuga ndi mabotolo 12. Anaphika jamu wa malalanje n'kuyamba kuyenda naye m'misewu ya Accra, botolo limodzi sheleni imodzi. Anzawo a m'kalasi ankawaseka kuti maphunziro onse aja athera pa kutsatsa malonda mumsewu ngati munthu amene sanapondeko kusukulu.

Ambiri amaimira pamenepa. Amakonda masheleni 10 aja, chifukwa amaonetsa ngati chimene mayi wosauka akusowa ndi kampamba kochepa basi, zina zonse zizichitika zokha. Koma a Mkonzi, m'misewu ya Accra munali amayi ambirimbiri ogulitsa zinthu, ena a iwo olimbikira kuposa Esther, ndipo ambiri anakalambira pa malonda omwewo a tsiku ndi tsiku. Chimene chinawasiyanitsa Mayi Ocloo chinabwera pambuyo pake. Anabwerera ku sukulu yawo ya Achimota ndi katundu wawo, ndipo sukuluyo inagwirizana nawo kuti aziipatsa jamu ndi madzi a malalanje. Kenako, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, anapeza oda ina yopereka madzi a malalanje kwa asilikali a Royal West African Frontier Force. Oda imeneyi inali yaikulu kuposa mphamvu zawo, ndipo apa m'pamene anapita ku banki kukatenga ngongole n'kukhazikitsa Nkulenu Industries.

Taonani ndondomeko yake. Luso linayamba, wogula wodalirika anabwera kachiwiri, banki inabwera kachitatu. Ngongole inatengedwa kuti ikwaniritse ntchito imene inalipo kale, yodziwika kuchuluka kwake ndi mwini wake woilipira.

Munthu amene sanachitepo geni sangamvetse msanga chimene oda yokhazikika imachita pa bizinesi yaing'ono. Ukamagulitsa kwa odutsa, m'mawa uliwonse umadzuka osadziwa ngati lero ugulitsa ziwiri kapena khumi. Sungagule zipangizo zambiri nthawi imodzi kuti mtengo utsike, chifukwa ukuopa kuti zikhalira. Sungalembe munthu ntchito, chifukwa sudziwa ngati kumapeto kwa mwezi udzakhala ndi chomupatsa. Koma wina akakuuza kuti sabata iliyonse ndikufuna zakutizakuti, pa tsiku lakutilakuti, mutu umayamba kugwira ntchito mwa mtundu wina. Umawerengera miyezi itatu kutsogolo. Umakambirana ndi wogulitsa zipangizo uli ndi mphamvu. Ndipo wogulayo amakuphunzitsa ntchito mosadziwa, chifukwa botolo la sabata ino liyenera kukoma chimodzimodzi ndi la sabata yatha, apo ayi alibweza. Ine kolala ya malaya ndinaphunzira kuisoka mowongoka nditabwezeredwa malaya 14 tsiku limodzi. Zinandipweteka, koma kuyambira pamenepo kolala yanga sinapotokenso.

Ine ndinayamba mozondoka. Makina anga oyamba anali a mapazi, amene mayi anga anandisiyira. Nditasoka zaka zingapo zigamba ndi mazipi, kunabwera bungwe lina lobwereketsa amayi m'magulu. Tinasonkhana, tinasaina, tinajambulidwa. Ndalama zija ndinagula nsalu zokongola n'kusoka madiresi a ana ambiri ndithu, ndikuganiza kuti poti ndi abwino agulidwa. Tsiku loyamba kubweza linafika madiresi asanathe n'kusokedwa komwe. Sabata iliyonse tinkakumana, ndipo sabata iliyonse pankafunika ndalama. Madiresi ankagulidwa limodzi lero, lina mkucha. Ndinayamba kuwagulitsa motchipa kuposa zimene ndinaonongera, kuti ndisachite manyazi pamaso pa anzanga a m'gulu, chifukwa ndikalephera ine, iwo ndi amene akanandilipirira. Ngongoleyo ndinaibweza yonse, osaphonya ngakhale sabata imodzi. M'mabuku a bungwe lija ndiyenera kuti ndinalembedwa ngati mayi amene zinamuyendera. Kunyumba ndinatsala ndi makina omwe aja ndi zidutswa za nsalu m'thumba.

Chimene chinandidzutsa ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina, amene anaona yunifomu imene ndinasokera mwana wa mnzanga. Anaitembenuza, anakoka msoko, n'kundifunsa ngati ndingathe kusokera ana a makalasi awiri teremu isanayambe. Anandilembera kalata ya oda. Ndinapita nayo ku banki ina ndili ndi chikhulupiriro chonse. Sanaiwerenge n'komwe. Anandifunsa za chikole, za pepala la malo kapena nyumba, ndiponso ngati bambo a kunyumba angabwere kudzasaina. Ndinatuluka misozi ili m'maso. Amene anaiwerenga kalata ija ndi munthu wogulitsa nsalu zopikulitsa, amene anandipatsa mipukutu itatu kuti ndidzalipire sukulu ikandilipira. Oda imeneyo inabala makina achiwiri, ndipo chaka chotsatira ndinalemba mtsikana woyamba. Pamene mwana wanga ankawerenga za Achimota, ine ndinkaona nkhope ya mphunzitsi wamkulu uja.

Zimene ndikunenazi si zanga ndekha. Akatswiri ena a zachuma anachita kafukufuku ku Fowa, m'dziko la Egypt, pakati pa amisiri oluka makapeti. Ena mwa iwo, osankhidwa mwa mayere, anapatsidwa maoda ochokera kwa ogula a kunja. Sanapatsidwe ndalama yaulere kapena ngongole. Phindu lawo linakwera ndi 16 mpaka 26 peresenti poyerekeza ndi anzawo, ndipo makapeti awo anakhala abwino kwambiri, chifukwa ogula aja ankanena zimene akufuna n'kukana zosalongosoka. Yerekezani ndi ngongole zing'onozing'ono. Mu 2015 munatuluka zotsatira za kafukufuku wochitika m'mayiko 6, omwe ndi Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco. Anapeza kuti ngongolezi zinathandiza ena kukulitsako geni, koma kwa mabanja ambiri ndalama zolowa m'nyumba sizinasinthe kwenikweni. Sindikunena kuti ngongole n'zoipa. Muhammad Yunus, mphunzitsi wa zachuma wa ku Bangladesh, atabwereketsa madola 27 kwa anthu 42 m'mudzi wa Jobra mu 1976, anawachotsa m'manja mwa akatapila, ndipo chimenecho ndi chinthu chachikulu. Koma kuchotsa munthu m'manja mwa katapila n'kosiyana ndi kumupatsa njira yokulira.

Ngakhale kabwezedwe kake kali ndi nkhani. Ku Kolkata, m'dziko la India, anayesa kupatsa amayi ena miyezi iwiri asanayambe kubweza, pamene anzawo ankayamba patangotha masabata awiri. Opatsidwa mpata aja anaika ndalama zambiri mu bizinesi, ndipo patapita zaka zitatu phindu lawo linali lokulirapo. Zoona, olephera kubweza anachulukako pakati pawo, ndipo n'chifukwa chake obwereketsa sakonda njira imeneyi. Koma ine ndikakumbukira madiresi anga aja, ndimadziwa kuti miyezi iwiri ikanandikwanira kudikira makasitomala enieni.

Ndibwerere kwa Mayi Ocloo, chifukwa chimene anachita atayamba kupeza ndi chimene chimandichititsa kuwatcha mtsogoleri. Munthu wina fakitale ikayamba kuyenda amakhala pansi. Iwo mu 1949 anapita ku England kukaphunzira, ndipo anakhalako mpaka 1951. Anaphunzira zophikaphika ku Good Housekeeping Institute ku London ndi kasungidwe ka zakudya ku Long Ashton, pafupi ndi Bristol. Ankadziwa kuti jamu wophika pa moto wa kunyumba ali ndi malire ake, ndipo kuti zokolola za Ghana zizifika kutali pafunika luso loika zakudya m'zitini kuti zisaonongeke. Kampani yawo inadzatchuka ndi msuzi wa zipatso za kanjedza wa m'chitini, umene anthu a ku Ghana okhala kunja amagula mpaka lero.

Atabwerako anakumana ndi khoma lina. Anthu a m'dziko lawo lomwe ankakhulupirira kuti chinthu chabwino ndi chochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo chopangidwa pakhomo n'chachabechabe. Ghana inalandira ufulu mu 1957, koma maganizo amenewa sanachoke pamodzi ndi mbendera ya atsamunda. Mu 1958 Mayi Ocloo anasonkhanitsa anzawo opanga zinthu n'kukhazikitsa bungwe la Federation of Ghana Industries, limene lero likutchedwa Association of Ghana Industries, ndipo anasankhidwa kukhala pulezidenti wake woyamba. Mayi kutsogolera eni mafakitale mu 1958! Chaka chomwecho anathandiza kukonza chionetsero choyamba cha katundu wopangidwa m'Ghana. Apanso mukuona kuti mtima wawo unali pa wogula. Ankadziwa kuti ungaphunzitse anthu kupanga zinthu, ungawapatse mpamba, koma ngati wogula akunyoza katundu wawo asanamulawe n'komwe, zonsezo zapita m'madzi.

Nkhani ya mabanki anailowa ali ndi zaka zoposa 50, atadziwa kale mbali zonse za bizinesi. Mu 1975 bungwe la United Nations linachititsa msonkhano woyamba wa padziko lonse wa nkhani za amayi ku Mexico City. Kumeneko Mayi Ocloo anakumana ndi Ela Bhatt wa ku India ndi Michaela Walsh wa ku America. Mayi Bhatt anali atayambitsa bungwe la SEWA ku Ahmedabad mu 1972, la amayi odzilemba okha ntchito, ndipo mu 1974 amayi 4,000 a bungweli anasonkha marupi 10 aliyense n'kutsegula banki yawoyawo. Mayi Walsh anali katswiri wa zandalama amene ankadziwa mmene eni mabanki akuluakulu amaganizira. Atatuwa, pamodzi ndi anzawo ena, anabala Women's World Banking, bungwe lothandiza amayi kupeza ngongole ku mabanki, ndipo Mayi Ocloo anakhala wapampando wake woyamba kuyambira 1979 mpaka 1985.

Achinyamata a lero angadabwe kuti vutoli linali lalikulu motani. Ngakhale ku America, lamulo loletsa mabanki kusala munthu pa ngongole chifukwa choti ndi mkazi linabwera mu 1974, ndipo panafunika lamulo lina mu 1988 kuti mayi wofuna ngongole ya bizinesi asamakakamizidwenso kubwera ndi mwamuna wodzamusainira. Choncho funso limene ndinafunsidwa ku banki kuja linali ndi mizu yaitali, ndipo linafunsidwa kwa amayi a zilankhulo zambiri.

Njira imodzi imene Women's World Banking inayamba nayo imandisangalatsa kwambiri. M'malo mopatsa mayi ndalama pambali, ankamuimira ku banki wamba, banki yomwe ija imene inkamubweza pakhomo. Ngati mayiyo akanalephera kubweza, bungwe lalikulu linkasenza theka la ngongole, nthambi yake ya m'dzikomo gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo banki inkasenza gawo lotsalalo. Cholinga chinali choti bankiyo imuzolowere mayiyo, ione ndi maso ake kuti amabweza, kuti ulendo wachiwiri adzalowe yekha popanda womugwira dzanja. Anafuna kuti mayi wa bizinesi akhale kasitomala ngati wina aliyense, wokhala ndi mbiri yake m'mabuku a banki, amene ngongole yake ingakule pamene bizinesi ikukula. Zimenezi n'zosiyana kwambiri ndi kumusunga zaka khumi pa kangongole komweko ka m'gulu.

Pali chinthu china chimene chinandigwira mtima mwana wanga atandiwerengera mbiri ya Ghana ya nthawi imeneyo. Chaka chomwecho cha 1979, pamene mayi wa ku Ghana ankasankhidwa kutsogolera bungwe la padziko lonse lokweza amayi a malonda, asilikali a boma la Jerry Rawlings anagumula msika wa Makola ku Accra. Chuma cha dziko chinali chitasokonekera, katundu ankasowa, ndipo mlandu unaikidwa pa amayi a mumsika kuti ndiwo akubisa katundu ndi kukweza mitengo. Ena anakwapulidwa pagulu. Katundu sanabwerere m'mashopu chifukwa chogumula msika. Ndimaganiza za mmene Mayi Ocloo anamvera chaka chimenecho, iwo amene anayamba ndi dengu la mabotolo mumsewu. Mayi wa malonda amatamandidwa pa msonkhano, koma zinthu zikavuta ndi iye woyamba kuthamangitsidwa pamalo pake, katundu wake n'kutayidwa.

Mwina n'chifukwa chake ankalimbikira kwambiri pa nkhani ya ulemu ndi kuwerengera. Ankaphunzitsa amayi kuwerengera mtengo weniweni wa chinthu chimene akugulitsa ndi kupeza phindu lake. Iwo eni anafotokozapo kuti atawerengera bwino anapeza kuti mayi wogulitsa mpunga ndi ndiwo m'mbali mwa msewu ankapeza ndalama zambiri kuposa amayi ambiri a m'maofesi, koma palibe ankamutenga ngati munthu wa bizinesi. Phunziro limeneli ine linandipeza mochedwa. Zaka zanga zoyamba ndinkawerengera nsalu ndi ulusi basi. Mabatani, singano zothyoka, mafuta a makina, makala a simbi, ulendo wokagula nsalu, ndiponso maola anga, zonsezi sindinkaziika pa mtengo. Tsiku limene ndinakhala pansi ndi kope n'kulemba chilichonse, ndinapeza kuti siketi ya mapindo ambiri, imene ndinkanyadira nayo, inkandidyera ndalama, pamene kukonza mathalauza kumene ndinkakuona ngati ntchito yonyozeka ndi kumene kunkadyetsa ana. Mtsikana aliyense wobwera kudzaphunzira kwa ine, kope amalilandira tsiku limodzi ndi sizasi.

Ndiponso Mayi Ocloo sankabisa luso. Ankaphunzitsa amayi anzawo kukonza ndi kusunga zakudya, ngakhale ankadziwa kuti ena mwa iwo mawa adzagulitsa katundu wofanana ndi wawo. Ife amisiri tili ndi matenda obisa mapatani, kuopa kuti wophunzira adzatilanda makasitomala. Ndinali nawo inenso. Anandichiritsa ndi oda imene inandikulira, imene sindikanaimaliza popanda atelala anzanga atatu odziwa kusoka mofanana ndi ine. Mutu umodzi susenza denga, ndipo oda yaikulu siperekedwa kumene kuli mmisiri mmodzi yekha wodziwa ntchito.

Pali mbali ina imene ife amayi sitikonda kuinena pagulu, koma ndiinena. Ndalama ya m'manja ikalowa m'nyumba, imakhala ndi eni ake ambiri. Mwana wadwala, fizi yatsala, mlamu wabwera ndi vuto, bambo a kunyumba nawonso geni yawo ikufuna mpamba. Kukana n'kovuta, ndipo nthawi zambiri zosowazo zimakhala zenizeni. Ku Accra ndi ku Tema, kwawo kwa Mayi Ocloo komweko, anachita kafukufuku pa eni mabizinesi ang'onoang'ono. Ena anapatsidwa ndalama m'manja, ena anagulidwira katundu kapena zipangizo za ndalama yofanana. Kwa amayi, ndalama ya m'manja sinakweze phindu la bizinesi, koma katundu ndi zipangizo zinalikweza, makamaka kwa amene geni yawo inali itayamba kale kuyenda. Akatswiri ena atayang'ananso za ku Ghana, India ndi Sri Lanka, anaona kuti m'nyumba zimene mwamuna nayenso ali ndi bizinesi, ndalama ya mkazi kawirikawiri imakathera ku bizinesi ya mwamunayo. Kumene mkazi ndi yekhayo wochita bizinesi, amapindula ndithu. Choncho si kuti amayi sadziwa kuyendetsa ndalama. Oda ili ndi ubwino wina pamenepa: mpukutu wa nsalu ya yunifomu ya ana a eni ake palibe angaupemphe kuti akagulire feteleza kapena kukonzera njinga. Umakhala ndi yankho laulemu, loti izi si zanga, n'za sukulu.

Tsopano ndinene choipa cha maoda, chifukwa ndikachibisa ndikhala ndanamiza amayi anzanga. Wogula wamkulu akhoza kukukweza, akhozanso kukupha. Chaka china bungwe lina lalikulu linandipatsa oda ya maovolosi a antchito ake. Inali oda yaikulu kuposa ina iliyonse imene ndinalandirapo. Ndinatenga nsalu pa ngongole, ndinawonjezera atsikana, tinasoka usiku ndi usana, tinapereka tsiku lake lisanakwane. Malipiro anabwera patatha miyezi 7. Miyezi yonseyo ndinkangouzidwa kuti wosaina wachokapo, pepala lili ku ofesi ina, mubwere sabata yamawa. Wogulitsa nsalu uja, amene anandikhulupirira pamene banki inandikana, anasiya kundipatsa katundu, ndipo sindimuimba mlandu. Atsikana awiri ndinawauza kuti ayambe akhala kunyumba. Mmodzi anali ndi mwana wa miyezi 8. Sanabwererenso ku ntchito ya utelala. Kwa bungwe lija ndalamayo inali kadontho, ndipo sindikhulupirira kuti wina kumeneko ankandifunira zoipa. Kungoti palibe ankadziwa kuti kwa ife mwezi umodzi wochedwa ndi lendi, chakudya ndi malipiro a anthu asanu.

Mayiko ena anaona kuti vutoli ndi lofunika lamulo. Ku India, lamulo la 2006 limati wogula katundu kwa bizinesi yaing'ono alipire pasanathe masiku 45, akachedwa awonjezere chiwongoladzanja. Mayiko a European Union anagwirizana mu 2011 kuti maofesi a boma azilipira pasanathe masiku 30, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Pa nkhani yopereka maoda, Kenya inakhazikitsa mu 2013 kuti magawo 30 pa 100 alionse a zogula za boma azipita kwa amayi, achinyamata ndi anthu olumala. Koma lamulo palokha silisoka malaya. America inadziikira mu 1994 cholinga choti magawo 5 okha pa 100 a ndalama za makontirakiti a boma azipita ku mabizinesi ang'onoang'ono a amayi, ndipo zinatenga zaka zoposa 20 kuti cholingacho chikwaniritsidwe koyamba. Kumene kulibe woyang'anira, maoda oterewa amatengedwa ndi anthu amphamvu amene amangolemba dzina la mkazi kapena mlongo wawo pa pepala la kampani, mayi weniweni wa makina osokera osamva n'komwe kuti kunali oda.

Mu 1990 Mayi Ocloo analandira mphoto ya Africa Prize for Leadership yoperekedwa ndi bungwe lolimbana ndi njala la The Hunger Project, pamodzi ndi Olusegun Obasanjo wa ku Nigeria, ndipo anali mayi woyamba kuilandira. Uthenga wawo kwa amayi unali wakuti mphamvu yeniyeni ili pa chuma, ndipo si bwino kuti mayi azipempha kwa mwamuna wake kanthu kalikonse kakang'ono. Anamwalira ndi chibayo pa 8 February 2002 ali ndi zaka 82, ndipo anaikidwa kwawo ku Peki. Ndimakhulupirira kuti akanakhala moyo akanasangalala kuona amayi mamiliyoni ali ndi maakaunti, ena pa foni zawo. Koma ndikukhulupiriranso kuti akanafunsa funso limene moyo wawo wonse unkafunsa: katundu wa amayiwa akugula ndani?

Pempho langa likupita kwa anthu amene mwina sadziona ngati ali m'nkhani ya amayi a mabizinesi. Ndikunena inu aphunzitsi aakulu, inu oyang'anira zogula m'zipatala, m'mahotela, m'makampani ndi m'mipingo. Mwezi uliwonse mumagula sopo, makatani, mayunifomu, mabuledi, matebulo, ndipo zambiri mumazitenga kwa wogulitsa mmodzi wamkulu chifukwa n'zosavuta. Sindikupempha kuti mugule chinthu chosalongosoka chifukwa cha chifundo. Tembenuzani msoko, kokani, bwezani chimene chapotoka, ife timaphunzira pamenepo. Koma oda yaikulu igaweni kuti wa makina atatu athe kulowapo, lembani pa pepala, perekaniko kangachepe koyambira ngati n'kotheka, ndipo tsiku lolipira likafika lipirani. Amene anavomera madzi a malalanje a mtsikana uja ku Achimota ankangogula zakumwa za ana a sukulu. Sankadziwa kuti akutsegula fakitale.

Kwa a mabanki, kalata ya oda yochokera kwa wogula wodziwika muziiwerenga. Amayi ambiri alibe pepala la malo m'dzina lawo, ndipo mukadikira kuti akhale nalo, mudikira mpaka tonse titakalamba. Mungathe kugwirizana ndi wogulayo kuti malipiro adzadzere kwa inu, mudulepo zanu, zotsala mupereke kwa mwini ntchito. Wogulitsa nsalu wopanda digiri anaiona njira imeneyi pa mphindi zisanu.

Ndipo kwa inu a Mkonzi, mukatumiza mtolankhani ku mwambo wopereka ngongole, mumutumizenso chaka chikatha kwa amayi omwewo. Asakafunse za kubweza kokha, chifukwa ambiri a ife timabweza ngakhale pogulitsa mbale za m'nyumba. Akafunse ngati katundu ali pa shelefu wachuluka, ngati alembako munthu ntchito, ndiponso amene akugula kwa iwo mwezi ndi mwezi. Mukapeza sukulu kapena kampani imene ikugula kwa amayi n'kumalipira pa nthawi yake, imeneyonso muijambule.

Mwezi watha mtsikana amene ndinamuphunzitsa zaka zinayi zapitazo anabwera akuthamanga ndi pepala m'manja. Kwaya ina yamupatsa oda ya mikanjo 40. Tinakhala pansi ndi kope lake, tinawerengera nsalu, ulusi, mazipi ndi masiku, ndipo ndinamuuza kuti abwerere akapemphe theka la ndalama asanadule nsalu, ndiponso kuti tsiku lolipira zotsalazo lilembedwe pa pepala lomwelo. Anachita mantha kuti akawakwiyitsa ndipo oda imuphonya. Ndinavala nsapato n'kupita naye. Anavomera, ndipo pamene ndikulemba kalatayi mikanjo 26 yatha, ina ikusokedwa pa makina anga a mapazi aja, amene ndamubwereketsa mpaka amalize.

Ine wanu,
Mayi telala, wowerenga nyuzipepala yanu